Mazira a Bambo Tomeji

Yokohama, 14 Disembala 1968

Alamu anga Kiyoe,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi nkhuku zanu. Kuno tilipo, amuna anga a Noboru akudandaula msana monga mwa masiku onse. Ndamva kuti Bambo akutuluka m'chipatala Lachitatu. Sindikuimba lamya chifukwa lamya ya ku Kamisawa ukangoti halo mudzi wonse umanyamula, ndipo akazi a Kumagai oyandikana nanuwo amachita kutsokomola pakati pa nkhani.

Mvetserani bwino. Mtsempha wa magazi suphulika m'mutu mwa munthu popanda chifukwa. Abwana awo a Noboru anagwa pamsonkhano mu Seputembala osadzukanso, ndipo madokotala anati ndi mafuta a m'magazi, amene amawatcha kolesitero. Ndawerenga zimenezi m'magazini awiri. Choncho Bambo asadye dzira, nyama, mkaka kapena chilichonse chokazinga. Ndatumiza ndere za m'nyanja zophika mumsuzi wa soya, mabokosi atatu. Mulibe mafuta ngakhale dontho.

China. Lamlungu kunabwera mlongo wanga Yasuo, amuna anu, kuchokera kumsewu kumene akukumba ku Tokyo. Tagwirizana motere. Pa 20 Epulo ndidzabwera kumudziko. Ngati Bambo sadzatha kuyenda ndi miyendo yawo kuchokera pakhomo kukafika kumunda wa mpunga, ndidzawatenga kuti azikhala kuno. Tili pansanjika yachinayi, mpweya ndi wabwino, chipatala chachikulu chili pafupi. Yasuo anangoyang'ana pansi, ndiye kuti anavomera.

Mundilembere zonse, musasiye kanthu.

Ine mlamu wanu,
Michiyo


Kamisawa, 8 Januwale 1969

Alamu,

Moni wa chaka chatsopano. Nkhuku zili bwino, zikomo pofunsa. Inenso ndilipo. Chipale chofewa chaunjikana mpaka pazenera. Kalatayi ndaiika m'katoni ya mikate ya mpunga imene ndikukutumizirani pa sitima ya katundu, kuti zifike limodzi.

Bambo anabwera. Dzanja lamanja lili lende, mwendo wamanja amaukoka, koma pakamwa palibe chimene chinawonongeka. Kalata yanu ndinawawerengera. Pa za nsanjika yachinayi anafunsa ngati kumeneko kuli dothi. Nditati kulibe, anatembenukira kukhoma. Koma pa za chakudya anati, "Mwana ameneyu sukulu sinapite pachabe." Paja dzira, nyama ndi mkaka iwo amazionera paukwati pokha. Kwa masabata atatu ndawadyetsa monga munalamulira: mpunga mbale zitatu, gakko wathu uja, mizu ya ndiwo yofutsa pautsi n'kuviika mumchere, nsomba yoti ukaiwotcha imayera mbuu ndi mchere, msuzi wa miso, phala lija la soya lamchere, katatu patsiku, ndi ndere zanu zamchere zija. Sindinaonepo wodwala womvera malamulo mokondwa chonchi.

Dzulo tinapita nawo kukapimidwa. A dokotala Narita atawerenga pepala la magazi anandifunsa kuti, "Mayi, akuluwa mukuwadyetsa chiyani?"

Ndinafotokoza. Anavula magalasi.

"Anakuuzani zimenezi ndani?"

"Magazini awiri."

"Magaziniwo amalemba za mabwana a ku Tokyo odya nyama ya ng'ombe atakhala pampando. Kuno ine ndaona alimi ambirimbiri ophulika mitsempha ya m'mutu, ndipo ochuluka mwa iwo mafuta a m'magazi ndi ochepa, chochuluka ndi mchere. Akuluwa kolesitero wawo ndi 118. Ndikanakhala ndi wapadera ndikanawabwereka. Magazi akuthamanga kupitirira 200. Mitsempha yawo ili ngati pepala la pachitseko la zaka khumi, ndipo inu mukulikupizira mphepo. Wodwala wowonda chonchi sachira msanga."

Analamula dzira m'mawa, lina madzulo, mkaka, nyama ya nkhumba ikapezeka, mchere wongolawitsa, mapiritsi, ndi kuyenda tsiku lililonse.

M'mawa uno ndawaikira dzira lowiritsa. Mukudziwa mmene zimakhalira kuno. Odzazonda amabweretsa mazira, ife timathokoza, n'kukawagulitsa. Wodwala amalawa dzira pokhapokha madokotala akamutaya. Amayi anu anapatsidwa dzira Lolemba, Lachinayi anatisiya. Bambo analiyang'ana dziralo nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Kwatsala masiku angati, Kiyoe?"

"A chiyani, Bambo?"

"Usandinyengerere ngati mwana."

Ndinawauza kuti a Narita anena kuti akamadya mazira achira. Iwo anati, "Kwa mkazi wanga Tsune ananenanso choncho. Dokotala sauza munthu kuti akufa, amauza mkazi wa m'khitchini." Atatero analidya lonse, pang'onopang'ono, ngati munthu amene akusaina pepala la boma.

Kiyoe


Kamisawa, 11 Januwale

Michiyo,

Ndikulemba ndi dzanja lamanzere, usaseke zilembo. Uli bwanji. Noboru umuuze kuti msana wakewo ndi ulesi. Kalatayi ndapatsira wa positi pazenera, Kiyoe sakudziwa.

Andiyamba mazira. Awiri patsiku. Amako anapatsidwa limodzi lokha. Mkakanso akundipatsa. Mgolo wa gakko auchotsa, msuzi ukungomveka madzi a mumtsinje. Ndere zako Kiyoe wapatsa a Kumagai. Iwe tanthauzo la mazira ukulidziwa, sindinena zambiri. Usalire. Usabwere pano, udzabwere kamodzi pamaliro.

Bambo ako,
Tomeji


Yokohama, 15 Januwale

Kiyoe,

Moni ndikukupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino. Mwezi wathunthu osandiyankha, ndiye lero ndalandira kalata ya Bambo, zilembo ngati papalasa nkhuku, ndipo ndalira mpaka mpunga kupserera pamoto.

Mazira awiri patsiku! Ndi mkaka! Kodi kalata yanga munaiwerenga kapena munakolezera moto? Ngakhale Bambo, munthu amene sanatsegulepo magazini chibadwire, akudziwa kuti mazira akuwapha.

Sindikunena kuti mukufuna mundawo. Sindinanene zimenezo. A Noboru ndi amene anafunsa kuti munda uli m'dzina la yani, ine ndinawakalipira. Ndikungofunsa. Ndere zopanda mafuta mwapatsa munthu amene wakangana ndi Bambo zaka makumi atatu, mazira mwapatsa Bambo. Munthu aganize chiyani?

Musiye lero lomwe, ndipo mundiyankhe.

Michiyo


Kamisawa, 27 Januwale

Alamu,

Moni wanu ndalandira, ndaona kuti unali wolemera kuunyamula. Kuno tilipo, kukuzizira koti madzi a nkhuku ndimachita kuswa ndi nkhwangwa.

Yankho langa lili m'katoni ya mikate, ndipo katoniyo ili pa siteshoni ina pakati pa kuno ndi kwanuko, pansi pa chipale. Sindibwereza zonse. Mwachidule, mazira analamula ndi dokotala. Inu ndi Bambo mwagwirizana kuti dzira ndi imfa, koma tsiku limene mudzafunsane zifukwa mudzakangana.

Za munda, ndakhala ndikuulima ine chikwatiwire. Munthu sapha apongozi ake kuti apeze ntchito imene ali nayo kale.

Tsopano za kuyenda, poti ndi pamene pagona nkhani ya pa 20 Epulo. Sabata yonse ndinawachonderera kuti aime. Yankho linali limodzi: "Munthu wakufa aphunzire kuyenda kuti apite kuti?" Koma Lachisanu anaganiza zogawa katundu wawo. Anandituma kuti ndikatenge chikwakwa chabwino, choti apatse Yasuo. Ndinati sindidziwa chabwino ndi chiti.

"Zaka khumi ndi ziwiri pakhomo pano sudziwa chikwakwa?"

"Zonse zimafanana, Bambo."

"Zimafanana! Ng'ombe ndi kavalo zimafanananso?"

Anandinena ine, ananena aphunzitsi anga, ananena sukulu ya sekondale yonse, kenako anagwira ndodo n'kudzikoka mpaka kuchipinda cha zipangizo. Anapuma katatu panjira. Pobwerera anapuma kawiri, chifukwa anali akulalatabe.

Chiyambire tsiku limenelo ine sindidziwa chilichonse. Sindidziwa kumene kuli makasu, sindidziwa thumba la mbewu, dzulo ndinaiwala mmene amamangira nsapato za udzu. Ndasiyanso kuwauza kuti achira. Ndikawauza amakwiya n'kufunda bulangete. Ndikakhala chete amadya dzira lawo n'kudzuka kukakonza za imfa. Ngati muli ndi magazini yotsutsa njira imeneyi mutumize, mapepala oyala m'khola la nkhuku andithera.

Kiyoe


Yokohama, 19 Febuluwale

Alamu anga,

Ndikhulupirira muli bwino. Katoni ija yafika. Mikate inamera ubweya wobiriwira, koma a Noboru anapala ndi mpeni n'kudya, ndipo ali moyo.

Kalata yanu ndawerenga. Ndinapita ndi nambala ija ya 118 kwa dokotala wathu wa pakona. Anayamba wafunsa kuti kwathu n'kuti. Nditati ku Akita anati, "Aaa," ngati ndatchula dzina la matenda. Akuti a Narita sanalakwitse kwenikweni, ngakhale kuti nkhani za mafuta ochepazi akuzifufuzabe, koma za mchere ati palibe chokayikitsa. Anandifunsa zimene ndinatumiza kumudzi. Ndinati maswiti.

Ine sindinanene kuti munalakwa. Ndinangofunsa.

Bambo ndawalembera kalata yabwino yowalimbitsa mtima, muwapatse. Koma za pa 20 Epulo sizinasinthe. Kudzikoka kupita kuchipinda cha zipangizo si kuyenda. Munthu wosafika kumunda kwake sangakhale kumudzi kumene dokotala amamufikira pangolo. Bedi tagula kale, lachizungu. A Noboru akugonapo pofuna kuliyesa.

Kodi tsopano akulemera bwanji? Mundiuze.

Mlamu wanu,
Michiyo


Kamisawa, 28 Malichi

Amuna anga,

Ndikhulupirira msewu mukukumbawo watsala pang'ono kufika kumene ukupita. Kuno tilipo. Zimene ndikulembazi musawauze alongo anu. Mungoyang'ana pansi monga mumachitira.

Kalata yabwino ya alamu inagwira ntchito kuposa mapiritsi. Bambo atawerenga anati, "Michiyo wanditcha Bambo anga okondedwa. Basi, a Narita amuuza zonse." Tsiku limenelo anapempha kuti dziralo ndilikazinge, ati asafe asanalawe lokazinga.

Mbiri yoti a Tomeji ali pa mazira yafika mudzi wonse, ndipo palibe khomo limene silinabweretse. Ngakhale a Kumagai eni ake anabwera ndi khumi m'kabokosi ka mankhusu. Anagwada bwinobwino n'kunena kuti, "Tomeji, za madzi a m'ngalande zija tiziiwale."

Bambo anati, "Ndakukhululukira, Sukezo, ngakhale unali wakuba."

"Wakuba ndani? Mwala wa pangalande unkausuntha ndiwe!"

"Ndinkaubwezera pamalo pake!"

Anakhululukirana choncho mpaka tiyi kuzizira.

Chipale chitayamba kusungunuka ndinapita kukachisi kukasesa pamanda a Amayi. Pobwera ndinangotchula kuti muzu wa mkungudza wa pamanda a a Kumagai walowa pansi pa chiliza chathu, ndipo chapendekeka. Ndi zoona, ngakhale kuti pofuna kuona kupendekekako uyenera kutseka diso limodzi. Bambo anakhala tsonga. "Ine ndikagone pansi pa muzu wa Sukezo?"

Tsiku loyamba la ulendo wa kukachisi anafika pamlatho, ndinawabweza pawilibala. Sabata yotsatira anafika pachipata cha kachisi. Pano amapita m'mawa uliwonse, amakwera masitepe onse makumi anayi ndi asanu ndi atatu, kukakangana ndi ansembe za muzuwo. Ansembe andipempha kawiri kuti ndiziwatsekera m'nyumba.

Vuto ndi ili. Kukachisi ndi kutali kuposa kumunda, koma alamu ananena kumunda, ndipo mukuwadziwa, sadzalandira kachisi m'malo mwa munda. Bambo kumunda akaniratu. Ati sangakaone dothi limene sadzabzalamo. Akafika pamphambano amatembenuza nkhope. Ndikawakumbutsa za pa 20 Epulo amati, "Pofika tsikulo ndidzakhala nditapita, bedi lawolo agonepo Noboru." Koma sakupita. Masaya atuluka. Tsikulo likawapeza ali moyo n'kukana kudzuka, alamu adzawanyamula, ndipo pansanjika yachinayi sindikuona kuti angathe chaka.

Mubwere msanga. Nazale ya mpunga chaka chino mudzakonza inu nokha, ine sindidzagwirako. Musadzavutike kuti ioneke bwino. Mudzaikonze mmene mumakonzera zinthu nthawi zonse.

Mkazi wanu,
Kiyoe


Kamisawa, 21 Epulo

A Noboru,

Ndinafika bwino. Muli bwanji, ndipo mwathirira maluwa anga kapena mukudikira mvula ya m'nyumba?

Bambo sindinawazindikire. Anenepa, khosi laoneka. Ndinawapeza atakhala pakati pa chipinda, atavala kimono yawo ya pamwambo, nkhope ya munthu amene sitima yamuchedwera. Titamwa tiyi ndinati, "Bambo, lero ndi tsiku lija. Tiyeni kumunda."

"Sindipita."

"Ndiye kuti tikupita ku Yokohama."

Kenako anafunsa kuti, "Kumeneko maliro amawatsitsa bwanji pansanjika yachinayi?" Ndikuuzeni zoona, ndinali nditapambana koma sizinandikomere. Yasuo anali kuyang'ana pansi. Ndinayamba kupinda zovala zawo.

Apo Kiyoe, akuthira tiyi, osayang'ana munthu, anati, "Nazale ija Yasuo wakonza yekha chaka chino. Ati njira ya Bambo ndi yachikale. Madzinso walowetsera kumbali ya a Kumagai, ati n'kofupika."

Yasuo anatsamwa. Bambo anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Kumbali ya yani?"

"Ya a Kumagai, Bambo. Ine za nazale sindidziwa."

"Ndodo."

A Noboru, ine ndi nsapato zanga za m'tauni ndinalephera kuwapeza. Mwendo amaukokabe, koma amaukoka mwaliwiro. Pamene ndinafika n'kuti ali kale m'matope ndi kimono ya pamwamboyo, akuloza mizere ndi ndodo. "Iyi ndi nazale kapena padutsa njoka? Anakuphunzitsa ndani? Ku Tokyo misewu mukuikumba chonchi?" Yasuo anati anayesetsa. Ndinaiona ndi maso anga, anayesetsadi, ndipo n'chimene chikumvetsa chisoni.

A Kumagai anatulukira kutsidya kwa ngalande, anaima, anayang'anitsitsa, n'kukuwa kuti, "Tomeji! Sunafe kodi?"

"Ndife kuti uzimwa madzi anga?"

"Ndiye bweza mazira anga khumi aja!"

Ine ndinalira. Kiyoe anandipatsa kansalu kopukutira misozi, kamene ndikuganiza anachita kukonzeratu, chifukwa kanali kosita.

M'mawa uno tinali kwa a Narita. Kolesitero wafika 160, magazi akuthamanga 160. Ati ngozi sinathe, mtsempha ukaphulika kamodzi sulumbira kuti sudzabwereza, mapiritsi asasiye ndipo mgolo wa gakko usabwerere. Kenako anawauza Bambo m'maso kuti, "Akulu, ine sindikuona kuti mukufa chaka chino." Bambo anakwiya kwambiri.

Ndibwera Lachinayi ndekha. Bedi lija mutsikepo, tikaligulitse.

Michiyo


Kamisawa, 18 Meyi

Michiyo,

Uli bwanji. Dzanja lamanja layamba kugwira timitengo todyera koma cholembera likukana, ndiye pirira.

Sindinafe. Ndi nkhani yochititsa manyazi. Ndadya mazira a mudzi wonse, anthu anandilira, ansembe anali atakonza kale dzina latsopano la wakufa loti adzandilembe pachiliza. Tsopano monga wochira ndiyenera kuyenda khomo ndi khomo kukathokoza ndi kamphatso. Makomo makumi anayi ndi limodzi. Kiyoe ati sangandipitire chifukwa sadziwa makomo a m'mudzi muno. Mkazi ameneyu chisanu chino waiwala zinthu zambiri. Ndayamba kumukayikira.

Zipangizo zimene ndinagawa ndikulanda. Onse abweza kupatula Sukezo, amene ndinamupatsa sowo tsiku lokhululukirana lija. Ati wakufa salanda. Ndamuuza kuti ndidzaifuna podula muzu wake.

Tibzala sabata yamawa. Nazale ndinaikonzanso ndekha. Mlongo wako ndi munthu wabwino, azikumba misewu.

Ndere usatumizenso. Sukezo anadya zonse zimene zinatsala m'mabokosi atatu aja ndipo a Narita amuyambitsa mapiritsi. Zikomo.

Kiyoe wandifotokozera za magazini ako, kuti anthu a m'tauni mazira amawapha. Ndaganiza kwambiri. Zaka makumi anayi ndakhala ndikuwatumiza kumeneko osadziwa. Mwina bwana wa Noboru anadya anga. Kuyambira lero pakhomo pano dzira silipitanso kutauni. Ndizidya ndekha, kuti inu mukhale ndi moyo.

Bambo ako,
Tomeji